Mendulo kapena mapiritsi: kuunika buku la Christopher Hitchens lonena za Mayi Teresa

Wamisala anaona nkhondo. Mwambi umenewu ndi umene unandilimbitsa mtima kuti ndiwerenge mpaka kumapeto kabuku ka Christopher Hitchens kotchedwa The Missionary Position, komwe kanatuluka m'chaka cha 1995. Mlembiyu, yemwe anamwalira mu 2011, sankakhulupirira Mulungu ndipo sankabisa. Ngakhale mutu wa bukuli ndi wachipongwe, pakuti m'Chingerezi mawuwo amatanthauzanso za kuchipinda. Mkatolika aliyense akhoza kuliponya kumbali asanalitsegule. Koma akatero ndiye kuti wazemba funso limene Mpingo womwewo unaona kuti ndi lofunika kulimva, popeza mu 2001 unamuitana Hitchens kuti akapereke umboni wotsutsa pa nkhani yoti Mayi Teresa wa ku Calcutta atchedwe wodala.

Bukuli ndi lalifupi, masamba ake ngati 100 okha, ndipo mphamvu zake zili pamene mlembi waleka kunyoza n'kuyamba kuwerengera zinthu. Nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya kuwala. Mtolankhani Malcolm Muggeridge anakonza kanema wa BBC wa mu 1969 amene anatchukitsa mayiyu padziko lonse. M'nyumba ya odwala kayakaya ya ku Kalighat munali mdima, moti ojambula ankaganiza kuti palibe chimene chioneke. Zithunzi zitatuluka zowala bwino, Muggeridge analengeza kuti kumeneko kunali kuwala kochokera kumwamba. Koma mwini kamera, Ken Macmillan, anadzafotokoza kuti tsikulo anayesa filimu yatsopano ya kampani ya Kodak. Apa Hitchens sakufunika kukuwa. Nkhaniyo ikudzinenera yokha momwe chozizwitsa chimabadwira: munthu wotchuka amayankhula msanga, ndipo mmisiri amene akudziwa chimene chachitika amasowa pokwanira.

Chimodzimodzinso pa za chipatala. Hitchens akutsamira pa zomwe Dr. Robin Fox, mkonzi wa magazini ya madokotala ya The Lancet, analemba atayendera nyumba ija mu 1994. Fox anayamikira ukhondo ndi chikondi cha masisitere, koma anadandaula kuti panalibe njira yabwino yosiyanitsira odwala amene akanatha kuchira ndi amene analibenso chiyembekezo, komanso kuti mankhwala amphamvu oletsa ululu kunalibe. Pomwe mwini wake, mtima utavuta, ankathandizidwa m'zipatala zapamwamba, mpaka anamuika kachipangizo kothandiza mtima kugunda mu 1989. Funso limeneli ndi lowawa, ndipo sindinaone womuteteza amene analiyankha mondikhutiritsa.

Za ndalama zochokera kwa Charles Keating ndi ulemu wochokera kwa banja la Duvalier la ku Haiti zilimonso, koma zimenezo ndi za tsiku lina.

Pamene bukuli likutsimphina ndi apa: mulibe mawu a wodwala. Hitchens akuyankhulira amphawi a ku Calcutta monga momwe Muggeridge anawayankhulira, osawafunsa. Munthu amene anatoledwa m'ngalande, nasambitsidwa, namwalira pa mphasa yoyera wina atamugwira dzanja, kwa mlembiyu ndi umboni chabe pa mlandu. Chikhulupiriro akuchiona ngati matenda a m'mutu, kotero sangathe kufotokoza chifukwa chimene mtsikana angasiyire kwawo kukatsuka zilonda za anthu osawadziwa. Wotsutsa amene samvetsa chimene chimakopa anthu ku chinthu chimene akuchitsutsacho amangogwetsa nthambi, thunthu likadali chilili.

Mayeso enieni a bukuli anadza litatuluka kale. Mayi Teresa anamwalira pa 5 September 1997. Patatha chaka chathunthu, mayi wina wa m'mudzi ku West Bengal, Monica Besra, anati chotupa chimene chinali m'mimba mwake chinazimirira masisitere atamuika mendulo pamimbapo napemphera. Dr. Ranjan Mustafi wa ku chipatala cha Balurghat, yemwe anamuthandizapo, anatsutsa poyera. Iye anati chotupacho sichinali khansa, chinadza kaamba ka chifuwa chachikulu, ndipo chinatha chifukwa mayiyo anamwa mankhwala kwa miyezi yosachepera 9. Ngakhale mwamuna wake anauza atolankhani kuti amene anachiritsa mkazi wake ndi madokotala. Komabe Papa John Paul II, amene anali atafupikitsa kale zaka zisanu zodikira, anavomereza chozizwitsacho ndipo pa 19 October 2003 anamutcha Mayi Teresa wodala. Papa Francis anamutcha woyera pa 4 September 2016, kutsatira kuchira kwa bambo wina wa ku Brazil amene anali ndi zotupa mu ubongo.

Owerenga angayembekezere kuti ndinena kuti Hitchens anapambana. Pa nkhani ya Besra, ine ndili kumbali ya dokotala. Koma chimene chikundivuta si mendulo ayi, ndi kafunsidwe ka funso. Lamulo la Mpingo limati kuchira kumawerengedwa ngati chozizwitsa pokhapokha akatswiri a zachipatala atalephera kukufotokoza. Tanthauzo lake n'lakuti Mulungu amaloledwa kuonekera pamene dokotala wagonja basi. Hitchens naye akuvomereza malire omwewo, kungoti iye akuima tsidya linalo: piritsi likagwira ntchito, ndiye kuti Mulungu kulibe. Onse awiri asandutsa pemphero ndi piritsi kukhala mitala yolimbirana mwamuna mmodzi. Chodabwitsa n'chakuti Mpingo womwewu ndi umene unamanga zipatala zambirimbiri, kuphatikizapo za mishoni zimene ambiri a ife tinabadwiramo, ndipo sisitere wogawa mankhwala kumeneko sanaonepo kuti akupikisana ndi kolona yake.

Kafunsidwe kameneka kali ndi mtengo wake, ndipo kwathu kuno tikukadziwa. Chaka chomwe bukuli linatuluka, 1995, anthu zikwizikwi anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Chisupe pofuna kuchira Edzi. Nthawi imeneyo chipatala chinalibe choti n'kuwapatsa, choncho sindingawaseke. Koma ma ARV atayamba kuperekedwa ulere mu 2004, nkhani zinayamba kumveka za anthu otaya mankhwala atapemphereredwa, poopa kuti kupitiriza kumwa n'kukayikira Mulungu. Munthu wa chifuwa chachikulu amayamba kupeza bwino patangotha masabata ochepa, pomwe mankhwala ake ndi a miyezi 6. Ngati pa nthawi imeneyo wina amuuza kuti wachira mozizwitsa, botolo limatsala pawindo, ndipo matenda amabwerera ali ouma mutu.

Monica Besra sanataye botolo lake, malinga ndi dokotala uja. Anamwa mapiritsi tsiku ndi tsiku kwa miyezi yonseyo, ali mayi wosauka wa ana asanu, kwinaku akupemphera. Iye ananenetsa kuti anachiritsidwa ndi Mayi Teresa, mwamuna wake ananena zina, ndipo awiriwo ankadyera m'nyumba imodzi. Za usiku umodzi wa mendulo zinafika mpaka ku Rome. Za miyezi 9 ya mapiritsi zinatsala ku Balurghat.