Ndalama za Cal: East of Eden m'maso mwa mwana wa pa Kopala

East of Eden, buku limene John Steinbeck anatulutsa mu 1952, lili na masamba pafupifupi 600. Ambili amalisiyila panjila, ndipo sitingawaimbe mlandu. Wolemba amayamba na mapili a cigwa ca Salinas ku California, mvula yake, na mbili ya a Hamilton, banja la amayi ake, mpaka woŵelenga ayamba kuyasamula. Koma amene apilila amapeza kuti zonsezo zinali kukonzekela tsiku limodzi, pamene mwana apatsa atate ake mphatso, iwo n'kuikana.

Nkhani yake ni ya Kaini na Abele, yocitika kaŵili m'banja limodzi. Coyamba, Charles Trask agulila atate ake kampeni kodula, m'bale wake Adam abweletsa kagalu kotola panjila, ndipo atate akonda kagaluko. Charles amenya Adam mpaka kutsala pang'ono kumupha. Kaciŵili, ni mapasa a Adam, Cal na Aron. Adam ataluza cuma poyesa kutumiza letesi pa sitima, Cal aloŵa bizinesi ya nyemba m'nthawi ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Apanga madola 15,000, ndipo onse awapeleka kwa atate ake. Adam akana, akuti ndalamazo zinacoka m'matumba a alimi amene anagulitsa nyemba zawo mochipa.

Mwana wa ku Wusakile kapena ku Chamboli safunika mphunzitsi womumasulila ululu umenewu. Tidziŵa anyamata amene amadyetsa mabanja na ndalama za pa Black Mountain, phili la zotsala za mgodi wa Nkana, pamene anthu osacepela 10 anafa litagumuka mu June 2018. Panyumba adya nsima yogulidwa na thukuta lake, koma akatuluka amunena kuti jerabo. Ku Masala ku Ndola nakonso aliko amene ndalama zawo zilandilidwa na dzanja limodzi, lina liwaloza cala.

Mphamvu ya Steinbeck ni yakuti sapeputsa mlandu. Adam ali na mfundo, alimi aja anadyeledwadi masuku pamutu. Koma cilungamo cake cilibe cifundo, saona kuti mwanayo anali kupempha cikondi cabe. Mwaukali, Cal atenga Aron kukamuonetsa amayi awo amene Aron anali kuganiza kuti anafa, koma ali na nyumba ya mahule ku Salinas. Aron athaŵila ku usilikali, afela kunkhondo, ndipo Adam agwidwa sitiloko. Ndani anapha Aron? Bukuli likana kuloza munthu mmodzi.

Pamene lifooka ni pa amayi amenewa, Cathy. Steinbeck amubweletsa monga cilombo cobadwa naco coipa: atentha makolo ake m'nyumba, aombela mwamuna wake na mfuti, asiya ana akhanda. Koma phunzilo lalikulu la bukuli, limene wanchito wa Cichaina dzina lake Lee alipeza m'liwu limodzi la Cihebeli pa Genesis 4:7, n'lakuti munthu ali na ufulu wosankha kugonjetsa chimo. Nanga n'cifukwa ciyani amuna apatsidwa ufuluwo, koma mkazi yekhayu amanidwa? Ni cizoloŵezi cathu comwe ca m'komboni: mnyamata akalakwa, wasocela, mtsikana akalakwa, ni cibadwa. Apa wolemba adzitsutsa yekha.

Kodi si bwino kungotamba filimu ya 1955, ya James Dean? Filimuyo itenga mbali yothela cabe, ndipo Lee mulibe. Utali wa bukuli uli na nchito. Cifukwa tinayenda na Adam kucokela ali mwana, tidziŵa kuti iye mwini anamenyedwapo kamba ka tate wokondela, koma akula n'kucita zomwezo kwa ana ake osazindikila. Coipa cotele cimayenda pang'onopang'ono m'mibadwo, ndipo cifunika masamba ambili kuti tione mapazi ake.

Ndiye cifukwa tsamba lothela, pamene Lee acondelela Adam wofa ziwalo kuti adalitse Cal, limalemela kwambili. Masamba 20 patsiku, mwezi umodzi mwatsiliza. Mukafika kumeneko, mukadzifunse kuti panyumba panu ndani amene mphatso yake mwakhala muikana.