Luso limene lidasandutsa Bernadette kukhala Benadeta

Mwezi wa February, fodya akayamba kuthyoledwa m'minda ya ku Kasungu, mayi amene ali pachigafa akafuna mwana wake yemwe ali kumapeto kwa munda sasiya singano ndi mkuzi kuti akamulondole. Amangodzutsa mutu n'kukuwa kuti, "Benadetaaa!" Dzinalo limadutsa mizere yonse ya fodya, ndipo patali pamamveka "Wawa!" Mfalansa sangaitane choncho. Kwawoko dzinali limalembedwa Bernadette ndipo limathera pa t, lilime litagunda kumano, mpweya utatsekeka. Simungalikoke. Kuti lifike poitanika pamtunda wautali chonchi, padagwiridwa ntchito, ndipo ntchitoyo ndi imene ndimaisirira.

Palibe bwalo limene lidakhala pansi kukonza dzinali. Adalikonza ndi agogo, azakhali ndi akatekisiti, ndi pakamwa pokha, koma adatsata malamulo a Chichewa osaphonya. Choyamba adakumana ndi r wogundana ndi n pakati pa dzina, zinthu zimene lilime lathu sililola, chifukwa phatikizo lililonse la Chichewa limathera pa lembo la liwu. Njira zidalipo ziwiri, ndipo zonse zimamveka mpaka lero. Ena adalowetsa e pakati, dzina n'kukhala Berenadeta kapena Belenadeta, poti l ndi r kwa ife ndi apachibale. Ambiri adangochotsa r uja, osasiya chipsera, dzina n'kukhala Benadeta. Kenaka adatsekula kumapeto ndi a, ndipo mawu adatsamira pa de, monga momwe Chichewa chimatalikitsira phatikizo loyandikana ndi lomaliza. Tamvani mmene likuyendera tsopano: be-na-de-ta, maphatikizo anayi ofanana msinkhu, kayendedwe komweko ka Tiyamike kapena Tiyanjane. Mphunzitsi akamaitana mayina m'kalasi, khutu silimva kuti pakati pa atatuwa pali mlendo. Zili ngati mmisiri wosema mpini: khasu lidagulidwa kusitolo, koma amapala mtengo pang'onopang'ono mpaka chitsulo chilowe, chigwire, dzanja lisatuwe matuza.

Ansembe nawo adathandizako. Kale mabuku aubatizo ankalembedwa m'Chilatini, mmene mayina ambiri a akazi amathera pa a, choncho cholembera cha wansembe ndi pakamwa pa agogo zidakumana pa lembo limodzi. Ndi njira yomweyi imene Thérèse adakhalira Tereza ndipo Geneviève adakhala Jenoveva.

Tsinde la dzinali ndi Bernard, dzina lachimuna lochokera ku ziyankhulo zakale za Chijeremani, lopangidwa ndi mawu awiri: chimbalangondo, ndi kulimba kapena kupanda mantha. Chimbalangondo sitidachionepo kuno, timangochiwerenga m'Baibulo, koma ife amene tili ndi abale otchedwa Njovu ndi Nguluwe sitidabwa kuti munthu angatchedwe ndi dzina la nyama yamphamvu. Afalansa adatenga dzina loopsali n'kulumikiza kamchira koti ette, kamene kamachepetsa chinthu mochikonda, ntchito imene ife timaipatsa ka kumayambiriro kwa mawu. Anthu a ku Kasungu amadziwa bwino kuti dzina lochepetsa silichepetsa mwini wake: Kamuzu ndi kamuzu chabe, kamankhwala kamene mayi ake adamwa kuti aone mwana.

Amene adatchukitsa dzinali adabadwa mu 1844 ku Lourdes, m'tsinde mwa mapiri a Pyrenees, ndipo adabatizidwa kuti Marie-Bernarde Soubirous. Bernadette lidali dzina lapakhomo. Bambo ake adali woyendetsa chigayo amene adasauka mpaka banja lonse kukakhala m'chipinda chimodzi chimene kale chidali ndende. Mtsikanayo ankadwala mphumu, ndipo pa zaka 14 anali asadadziwe kuwerenga. Pa 11 February 1858 adapita ndi mng'ono wake ndi mnzawo kukatola nkhuni m'mbali mwa mtsinje wa Gave, ndipo paphanga la Massabielle adati waona mayi wovala zoyera. Adamuona maulendo 18 kufikira July chaka chomwecho, ndipo Mpingo wa Katolika udavomereza kuti adali Amayi Maria. Adamwalira ku Nevers pa 16 April 1879 ali sisitere wa zaka 35, ndipo Papa Pius XI adamulengeza kukhala woyera pa 8 December 1933. Pakhomo pawo sankayankhula Chifalansa cha ku Paris koma chiyankhulo cha kwawo kumapiriko, Chiokisitani, mmene dzina lake limalembedwa Bernadeta. Agogo a ku Kasungu, amene sadapondepo ku Lourdes, adalibwezera pafupi ndi pomwe lidachokera.

Lidafika kuno ndi Afalansa anzake. Ansembe a Montfort adamanga misasa ku Nzama mu 1901, a White Fathers adatsekula Mua mu 1902 ndi Likuni ndi Kachebere mu 1903. Ku Kasungu adapeza amishoni a ku Scotland atatsogola kale, ndi mayina awo monga Hastings, Flora ndi Jessie, koma maparishi monga Chiphaso ndi Nkhamenya atakhazikika, mayina a oyera adayamba kumveka m'midzi. M'buku la oyera muli mafumukazi ndi ofera chikhulupiriro ambiri amene mayina awo sadamere kuno. Ndikuganiza kuti la Benadeta lidamera chifukwa mbiri yake siifuna womasulira. Mwana wamkazi wotumidwa kunkhuni, wachifuwa, wa m'banja logona ndi njala, amene akuluakulu adamukalipira kuti akunama koma sadasinthe mawu: mayi aliyense wa pa esiteti ya fodya amamudziwa mwana ameneyo.

Luso lalikulu koposa silili pa katchulidwe, lili pa kudziwa nthawi yolitchula ndi nthawi yolibisa. Mwana wa Chichewa sakhala ndi dzina limodzi. Mchombo ukagwa, akatuluka m'chikuta, amapatsidwa dzina lonena za pakhomo, kaya Mavuto, kaya Chimwemwe, kaya Mwatitha ngati maliro adachuluka. Dzina la ubatizo limabwera pambuyo, ndipo silithamangitsa loyambalo. Loweruka lolembetsa ana, akatekisiti amakhala pansi pa mtengo kunja kwa tchalitchi, buku lachikuto cholimba pamwendo. "Mwanayu timulemba ndani, amayi?" Mayi wa mwana amayang'ana apongozi ake kaye, chifukwa sangayankhe iye akulu alipo. Agogo amati, "Lembani Benadeta, adabadwa tikusoka fodya, sabata ya Amayi Maria a ku Lurde." Pa yankho limodzilo aika tsiku la kalendala ya mpingo ndi nyengo ya munda, ndipo zaka zikadzapita, wina akadzafunsa kuti mwanayu adabadwa mwezi wanji, dzina lidzayankha.

Ali mwana, anzake amalidula kukhala Bena, ndipo aliyense amalitchula momasuka. Akakula n'kulangizidwa, mlomo wa mudzi umasintha. Ang'ono ake amati a Bena kapena achemwali. Akakwatiwa, mwamuna wake salitchulanso pagulu. Amati Naphiri kapena Nabanda, malinga ndi mfunda wa bambo ake, ndipo mwana woyamba akabadwa amakhala make Yohane. Mkamwini wake akhoza kukhala naye pamudzi umodzi zaka makumi awiri osalitulutsa pakamwa ngakhale kamodzi. Koma dzinalo silidafe. Limadzuka kumphakati poitana amene akutsogolera kolona, kusikelo ya ana kuchipatala, kukalabu ya alimi polemba amene mabelo awo akupita kumsika wa Chinkhoma. Pamenepo limatchulidwa lonse, ndi a waulemu patsogolo: a Benadeta Phiri. Mkazi mmodzi amayenda ndi mayina anayi, ndipo mwana wa zaka zisanu amadziwa kale kuti ndi liti limene iye aloledwa kutchula. Palibe amene amamuphunzitsa pabolodi.

Pepala ndi limene limavutika kutsatira lusoli. Khadi yaubatizo ikhoza kunena Bernadetta, satifiketi ya sukulu Bernadette, ndipo kalembera wa chiphaso cha unzika mu 2017 adalemba monga adamvera, Benadeta. Wolandira ndalama za fodya kubanki amadziwa mmene lembo limodzi lingamuyendetsere mtunda. Komabe kalembedwe kathu kosiyanasiyanaka kadafika kutali. Bernadettar Kwimbira, mayi wa ku Malawi wothandizira woyimbira mpira, adagwira mbendera pa mpikisano wa dziko lonse wa mpira wa amayi ku Canada mu 2015 ndiponso ku France mu 2019, kwawo kwenikweni kwa dzinali, ndipo Afalansa adaliwerenga pa ndandanda lili ndi malembo amene adalipatsa kuno.

Masiku ano makolo achinyamata amakonda mayina monga Precious ndi Favour, ndipo ku ubatizo Benadeta samveka kawirikawiri monga kale. Kumene likupitirira ndi m'mabanja amene amatcha mdzukulu dzina la agogo ake. Apa pamabuka vuto limene Achewa adalithetsa kalekale: bambo wa mwanayo sangakuwe dzina la mayi ake omubereka pabwalo, ngakhale akuitana kamwana kokwawa. Choncho kamwanako amakatcha amayi. Mudzamva munthu wamkulu wandevu akuchonderera kuti, "Amayi, tasiyani fodyayo, mung'amba masamba," ndipo amene akuuzidwayo ali ndi zaka ziwiri, wagwira ndindi ya fodya wouma m'manja monse muwiri, pamene mwini dzina weniweni ali pamphasa pomwepo akusankha masamba.