Luso lili pa nthambo zokhuthala

Timagetsi tothamangitsana tokongoletsera mahema a ukwati ku Chipata sitifanana tonse. Pali tina toti babu lililonse lili ndi kachipu kake, WS2811 kapena WS2812B, ka kampani ya ku China ya Worldsemi. Nthambo zake n'zitatu: pozitivu, negetivu ndi ya uthenga. Babu loyamba limatapa mabiti 24 onena mtundu wake, otsalawo n'kupatsira linzake. Uthengawo sufooka panjira chifukwa kachipu kalikonse kamautumiza mwatsopano. Imene imatopa ndi mphamvu.

Babu la mavolti 5 likayaka moyera limadya mamiliampu pafupifupi 60, ndiye kuti chingwe cha mababu 50 chimafuna maampu 3. Mukalumikiza zingwe zinayi motsatizana pa tinthambo towondato, koyambirira kumayera mbee, kumapeto kuli chikasu, mwinanso kufiirira. Buluu amafuna mavolti ambiri kuposa wofiira, choncho amayamba kuzilala ndi iyeyo. Wadimba wa ku Kasenengwa sangadabwe: bedi lakumapeto kwa ngalande limamwa madzi otsala.

Mmisiri woidziwa ntchitoyi sakweza mavolti kugwero la mphamvu, chifukwa angapsereze mababu oyambirira. Amayatsa onse moyera n'kumayenda ndi mita, kuyeza chingwe chilichonse kumapeto. Pamene mphamvu yagwera amakokerapo nthambo ziwiri zokhuthala kuchokera kugwero, ndipo ya pozitivuyo amaiika fyuzi pafupi ndi gwerolo. Ya uthenga saikhudza. Muone zala zake: amasenda pulasitiki osadulako kawaya n'kamodzi komwe, amapota, amawotcherera mpaka mtovu kulowa pakati pa tiwayato, kenako amavekapo kapaipi kofota ndi moto kuti mvula ya Disembala isapeze polowera. Wongokulunga tepi ameneyo ngwothamangira malipiro.

Ndimamugomera kwambiri magwero akakhala awiri. Pamalire pawo pozitivu amaidula kuti asalimbane, koma negetivu amaisiya yolumikizana. Ikaduka imeneyo, mababu amaphethira mwamisala.

Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi a ZESCO ankathima maola ambirimbiri, ndipo ambiri anadalira batire la sola. Mababu a mavolti 12 amayenda mtunda wautali asanafune kuwonjezeredwa mphamvu, komabe mmisiri ameneyu sawalumikiza ku batire mwachindunji: likamatchajidwa limafika mavolti 14, ndiye amaikapo kachipangizo kowongolera.

Musanamulipire wokongoletsa, muuzeni azimitse zothamangitsanazo, ayatse mababu onse moyera, inu mukaone lakumapeto.