Mbalule Alire, Titamande Mua

Wang'oma, wambani mbalule pamoto, chikopa chikungike. Mpanje uyankhe pansipansi. Amayi, manja akhale okonzeka ndi nthungululu, pakuti amene tikumutchula lero ndi Mua.

Ndinu Mua, Mtsamiraphiri, Mpenyakunyanja, inu amene munapereka msana ku mapiri a Dedza, nkhope n'kulozetsa kotulukira dzuwa. Ndinu Wakunsi, mng'ono wake wa Dedza Boma. Mkulu wanuyo anakwera kukakhala pa mamita oposa 1,500, nagula majekete. Inu munatsala m'chigwa, pafupi ndi nyanja imene ili pa mamita osafika 500, ndipo bulangete mumalikumbuka mu Juni ndi Julaye basi. Wonyamuka pa Masasa m'mamawa atavala juzi, natsika Khwekhwelele, khota ili khota ilo, makutu ali tseke, amafika pa Golomoti juziyo ili m'manja. Ndinu Mvulajuzi!

Ndinu Mtenthaphazi, Mwini Okutobala, Msungunulaphula wa pamsewu wa M5. Mwezi umenewo ukafika, nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, agalu amakumba pansi pa nkhokwe, khasu limagwiridwa mbandakucha n'kusiyidwa dzuwa lisanafike pamutu. Usiku mphasa zimatuluka pakhonde, ndipo udzudzu umati zikomo, mwatibweretsera nokha. Chaka chilichonse timalumbira kuti chino chokha chanyanya, ndipo chaka chilichonse timanena zoona. Sitikukubisirani, Mua: mumawotcha, ndipo malungo ndi mnansi wanu wakalekale. Ansembe a White Fathers amene anafika pano mu 1902 analawa zimenezi, mpaka ankakwera ku Bembeke kukapuma mphepo ya kumtunda. Koma ankatsikanso. Ndinu Mbwezaothawa!

Ndinu Mlandiramwera. Meyi akamatha, mphepo ya kummwera imayamba kuwomba, nyanja imakwiya, asodzi amakokera mabwato kumtunda, usipa umakwera mtengo, koma kuno m'munsi mwa phiri thupi limapepuka. Imeneyo ndiyo nyengo yanu yovala bwino: thambo lili mbee, mpunga uli m'matumba, maukwati ndi magule ali ponseponse.

Ndinu Mwinimthunzi. Mlambe wanu ndi bwalo la milandu, mtengo wa mango ndi sitolo, ndi kalasi, ndi podikirira kabaza. Kwanu kuno munthu wofuna malo amayamba wafunsa mtengo umene uli pabwalo, za nyumba pambuyo. Malambe, bwemba, masawu, kenaka mango a Novembala ndi Disembala amene amatseka pakamwa pa njala: mwana wa pa Mua sagona ndi m'mimba mopanda kanthu mitengo ili chibalire.

Ndinu Mwana wa Nadzipokwe, mtsinje wotsika m'phiri ukudumpha miyala, wosema mathanthwe kukhala mitondo. Pamenepo amayi amachapa, anyamata amadziponya m'dziwe, phuvu!, n'kutuluka akuseka mano okhaokha. Pamenepo alendo amafika ndi nsapato zokwerera mapiri, chipewa, botolo la madzi ndi kamera, nakwera njira yomwe agogo amatsika nayo tsiku lililonse opanda nsapato, mtolo wa nkhuni uli pamutu. Akakumana amapatsana moni mwaulemu, aliyense akudabwa mnzake. Ife tisaseke kwambiri, chifukwa mlendoyo akagona pa nyumba ya alendo ya Namalikhate nagula chosema chimodzi, fizi ya mwana wina yapezeka. Mbalame zimene iye amazisuzumira ndi magalasi n'zomwe ana athu amazisaka ndi legeni.

Gunda alire apa, pakuti tafika pa Kungoni, malo a luso ndi chikhalidwe a pamishoni yanu! Ndinu Msungazigoba, Mlerasompho, Nyumba ya Mitundu Itatu. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, wobadwira ku Canada, amene anthu anawaveka mfunda wa Chisale, anasonkhanitsa osema mitengo, ndipo kugogoda kumene kunayamba chaka chimenecho sikunaleke. Zosema za pano zili m'matchalitchi a kutali kumene osemawo sanapondeko. Nyumba ya Chamare imasunga mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayawo, pamodzi ndi nkhope za Gule Wamkulu zoposa 400. Taganizani, pabwalo la mishoni! Kale wa tchalitchi ndi wa kudambwe ankayang'anizana ndi diso lofiira. Pano belu ndi ng'oma zimamveka m'mudzi umodzi, ndipo pamene UNESCO inkavomereza Gule mu 2005, Mua anali atayamba kale kumulemekeza. Chadzunda akudziwani, Maliya akudziwani, Kasiyamaliro akudziwani ndi dzina.

Ndinu Mchizaodwala, Mlandiraokanidwa. Chipatala chanu chinayamba mu 1911. Mu 1927 munatsegula khomo kwa odwala khate, anthu amene midzi yawo inkawaopa. Ana osamva ali ndi sukulu yawo pano, ndipo ng'oma yathuyi amaimva m'chifuwa ndi m'mapazi.

Abale anu tisawadumphe. Golomoti, Mgulitsadzuwa, amene kuyambira 2022 akutchera dzuwa lomwe ife timalidandaula n'kulisandutsa magetsi okwana mamegawati 20. Bwanje, Nkhokwe ya Mpunga, mahekitala 800 akumwa madzi a mtsinje wa Namikokwe m'ngalande zimene Japan anathandiza kukumba. Mtakataka, likulu la Kachindamoto, kumene Inkosi Theresa Kachindamoto anathetsa maukwati a ana mazanamazana, atsikana n'kubwerera kusukulu. Bayethe! Njanji ya ku Salima nayo imadutsa pakhomo panu, ngakhale kulira kwa sitima kwasanduka kwa apo ndi apo.

Tsono mpanje utsike, tinene dzina limene simulikonda. Ndinu Mmetedwamutu. Nkhalango ya Mua-Livulezi ndiyo imagwira mvula m'phiri n'kuitulutsa pang'onopang'ono, kuti Nadzipokwe ndi Namikokwe asaume m'chilimwe. Lero utsi wa mauvuni a makala ukufuka m'mapirimo, njinga zikutsika zitasenza matumba aatali kuposa mwini wake. Phiri likameteka, mvula ya Januwale imatsika tsiku limodzi, yofiira, itanyamula nthaka, miyala ndi milatho. Okutobala akafika, dziwe la anyamata lija lili m'mawondo. Wowotcha makalayo timamudziwa, ndi mlamu wathu, ndipo chimene chamutuma ndi thumba la feteleza ndi mwana wodwala. Wogula ndiye sitimuona nkhope. Makalawo amakwera lole usiku kupita m'matauni, kukaphika nsima m'nyumba zokhala ndi magetsi, ndipo Loweruka eni nyumbazo amatsika Khwekhwelele pagalimoto ndi ana awo, kudzafunsa chifukwa chake mathithi a pa Mua achepa madzi.