Mubvi wa m'Buku ndi Mubvi wa m'Nthaka

M'mabuku ambiri ophunzitsa mbiri ya anthu akale muli chithunzi chimodzi chimene aphunzitsi achidziwa bwino: nsonga ya mubvi ya mwala wakuda wonyezimira, yooneka ngati tsamba, yokhala ndi khosi kutsinde kwache pomangirira. Pansi pache alemba kuti umu ndimo anthu anapangira zida zao asanadziwe chitsulo. Masiku ano chithunzi chomwecho chadzaza pa intaneti, pamene anthu a ku America ndi ku Ulaya alangizana malo otolako mwalawo. Mwana wa ku Nsambe akachiona afunsa mphunzitsi wache kuti mwala wotere autola kuti. Ndipo akaufuna m'phiri ndi m'dambo nausowa, ayesa mumtima mwache kuti kwao kuno kunalibe anthu aluso. Ife titi chithunzichi chinena zoona za kwao kwa eni ache, koma mwana wa kuno chimsokeretsa. Tifuna kuchiyesa ndi umboni wa nthaka yathu.

Tiyambe tapereka ulemu pamene uyenera. Mwala wakudawo Azungu autcha obsidian, ndipo ndi galasi lobadwa lokha. Phiri lamoto likalabvula chiphala cha miyala yosungunuka, chiphalacho chikazizira msanga, chiuma chopanda njere m'kati mwache. Chifukwa chache wouphwanya adziwiratu kumene mng'alu udzapita, ndipo chibenthu chache chithwa koposa lumo. Anthu akale anaukonda ndithu. Ku Olorgesailie m'dziko la Kenya, akatswiri analengeza mu 2018 kuti zaka ngati 300,000 zapitazo anthu analikutenga mwalawu ku mapiri akutali makilomita 25 ndi kupitirira. Paja mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa ichi sititsutsa konse.

Koma galasi lotere silikhalitsa monga miyala inzache. Pakupita kwa nyengo zazitali lisanduka mwala wamba. Chotero lipezeka kumene moto wa mapiri unayaka chaposachedwa, monga ku Naivasha ku Kenya ndi m'chigwa cha Ethiopia. Mapiri a Kirk, pamene pali Nsambe ndi Dambe, ndi a thanthwe lakale la zaka zoposa mamiliyoni 500. Wofuna obsidian m'menemo afanana ndi wobvuula usodzi pa chulu.

Nanga eni dziko akalewo anagwira chiani? Yense wolima mbatata m'mapiri muno adziwa mwala woyera wouma umene ugomola khasu, umene uyenda m'thanthwe ngati mtsempha, ndi umene madzi a Lisungwi ndi Mkulumadzi aupera kufikira ukhala nsangalabwi. Azungu autcha quartz. Umenewu ndiwo unali chitsulo cha alenje akale a dziko lino. J. Desmond Clark anakumba m'phanga la ku phiri la Hora ku Mzimba mu 1950. Beatrice Sandelowsky anakumba ku Fingira pa Nyika mu 1966. Clark yemweyo anakumbanso ku Mwana wa Chencherere ku Dedza mu 1972. Monsemo anapeza tizibenthu tambirimbiri, tochuluka ta mwala woyerawu, tina tating'ono ngati chikhadabo. Zida zofanana nazo zinayamba kudziwika ku phanga la Nachikufu, kufupi ndi Mpika ku Zambia. Nsonga yaikulu yonga tsamba, ya khosi lomangirira, ndi luso la anthu a ku America. M'mapanga athuwa zida ziri za mtundu wina.

Apa ndipo chithunzi chija chilakwira kwambiri, pakuti chiphunzitsa mwana kuyesa luso ndi kukongola kwa chida, osayesa ndi kubvuta kwa mwala. Mwala woyerawu ngwa mwano. Uli ndi ming'alu yobisika, ndipo woumenya monga amenyera obsidian angotsala ndi zinyenyeswa. Mmisiri wakale anayamba ndi kusankha. Nsangalabwi ya mu mtsinje iri ndi ubwino wache, pakuti madzi anaiyesa kale, ndipo yofooka inasweka pa njira. Wonyezimira ngati madzi oundana uposa woyera ngati ufa, popeza usweka moongoka. Atasankha, anaika mwalawo pa mwala unzache wa pansi, naumenya pamwamba ndi wachitatu, kuti mphamvu ilowe ku mbali zonse ziwiri. Mwa zibenthu zambiri zakugwa anatola zowerengeka, nabunthitsa mbali imodzi pang'onopang'ono kufikira kachidako kaoneka ngati mwezi wokhala kumene, mbali inayo naisiya yakuthwa. Mbali yobuntha ndiyo analowetsa mu utomoni pa mtengo. Kakathyoka kamodzi pa ulenje, anachotsa naikapo kena, mubvi uli womwewo. Kodi munthu wotere tidzamutcha wosadziwa kanthu?

Popeza tsamba lino lisamaliranso chinenero, tinenepo za liu loyenera nchitoyi. Ena pomasulira alemba kuti anthu akale ankasema miyala, ena kuti ankaisula. Onse awiri aphonya. Kusema ndi kwa sompho pa mtengo, pamene mmisiri achotsa pang'onopang'ono, ndipo chimene afuna ndi chotsalacho, mtondo kapena mpini. Kusula ndi kwa chipala, moto ndi nyundo, ndipo mwala sufewa pa moto monga chitsulo. Liu limene ife tiona kuti likwana ndi kubenthula, pakuti pa nchito iyi chimene mmisiri afuna ndi chochokacho, ndicho chibenthu. Tsono tiziti mwala wobenthulapo, nyundo ya mwala, ndi zibenthu. Ndipo mwana akamva mau amenewa adzaiona nchitoyo m'maso mwache mphunzitsi asanajambule pa bolodi.

Wina adzatsutsa nati: kanthu konga chikhadabo kangagwetse bwanji nyama yaikulu? Funsoli nlabwino, ndipo chithunzi cha m'buku sichingathe kuliyankha, chifukwa chionetsa mwala wokha. Mubvi ndi zinthu zambiri pamodzi: bango kapena mtengo, utomoni, mtsempha womangira, ndi ulembe. Zimenezi zibvunda, mwala nutsala wokha. Koma ku akasupe otentha a Gwisho, m'chigwa cha Kafue ku Zambia, matope anasunga zidutswa za mauta ndi mibvi ya mitengo za zaka zoposa 4,000, zimene zinakumbidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960. Za ulembe umboni uli pafupi ndi ife. John Kirk, amene mapiri athuwa atchedwa dzina lache, poyenda ndi David Livingstone m'zaka za 1858 kufikira 1863, anapeza Amang'anja a m'chigwa cha Shire akupaka mibvi yao ulembe wa kombe. Mibvi imeneyo inali yachitsulo, koma nzeru yache ndi yomweyo: nsonga ingoboola khungu, ulembe nutsiriza nchito poimitsa mtima. Mu 1885 Thomas Fraser wa ku Edinburgh anaonetsa asing'anga anzache kuti kombe yemweyo, pa muyeso wochepa, ndi mankhwala a nthenda ya mtima. Komabe mphunzitsi asapitirire umboni. Si kachibenthu kali konse kanali pa mubvi. Tina tinali todulira nyama, tina topalira zikopa ndi mitengo, ndipo mivi ina nsonga yache inali ya fupa kapena mtengo wouma.

Pali cholakwa chachiwiri chimene chitsata choyambacho. Mphunzitsi akasowa chida chokongola choonetsa ana, atembenukira ku nthano ya Akafula, anthu aafupi aja amene amati pokomana nawe afunsa kuti mwandionera pati, nakwiya ukati wawaonera pafupi. Nthanoyo njokoma, ndipo isunga chikumbutso choona chakuti alimi anapeza anthu ena m'dziko muno. Koma ikanenedwa yokha ana aseka, phunziro nilithera pa kuseka. Nthaka inena zolemera koposa. Mu 2017 akatswiri anayesa mafupa a ku Hora, Fingira ndi Chencherere, napeza kuti ena a ku Hora anakhala zaka ngati 8,000 zapitazo, ndi kuti mwazi wa alenjewo suoneka mwa anthu a dziko lino amene anayesedwa. Alimi odziwa chitsulo ndi kuumba mbiya anafika zaka ngati 1,700 zapitazo, monga aonetsa mapale a ku Nkope m'mbali mwa nyanja. Koma alenje a ku mapiri a Dedza anapitiriza kubenthula miyala zaka mazana ambiri chitsulo chitafika kale. Anthu amenewa alibe mdzukulu wowanenera pa bwalo. Chotsala chao ndi zojambula zofiira za m'mapanga a Chongoni, amene UNESCO inawalemba mu 2006, ndi tizibenthu timeneti. Wophunzitsa ana kuti munthu ali yense ali ndi ulemu wache asayambe ndi kunyoza amene sangathe kudziyankhira.

Tsono langizo lathu kwa aphunzitsi ndi akatekisti anzathu nali. Chithunzi cha m'buku chionetseni, koma nenani dziko limene chichokera, ndi chifukwa chache mwalawo suli kuno. Pamenepo tengani nsangalabwi za mu mtsinje, muphwanye imodzi pa mwala unzache, ana ataima patali chifukwa cha maso ao, kuti aone okha kubvuta kwache ndi kuthwa kwa chibenthu podula luzi. Aphunzitseni kusiyanitsa mwala umene khasu linaswa ndi umene munthu anakonza: wokonzedwa uli ndi mbali imodzi yobunthitsidwa mwadongosolo, ndipo kawirikawiri sukhala wokha, koma pamodzi ndi zinyenyeswa zambiri ndi mwala wa pansi wokhala ndi kadzenje pakati. Akapeza zotere pansi pa thanthwe, asakumbe ndipo asatute m'thumba, pakuti chida chochotsedwa pa malo ache chataya theka la umboni wache, ndiponso lamulo la dziko liletsa kukumba zakale popanda chilolezo cha Boma. Auze mfumu ya mudzi, ndipo mphunzitsi alembe malo ndi tsiku, natumize mau kwa akuluakulu osunga zakale. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pa mphuno. Ndipo mwala umene mwana wa ku Nsambe ayenera kuyamba kuudziwa ndi umene aupondaponda popita ku sukulu.