Atate, Mai ndi Mwana Wodwala Khansa: Za Buku la John Gunther

M'chaka cha 1949 linatuluka ku Amereka buku laling'ono la m'Chingerezi lochedwa Death Be Not Proud, dzina limene mlembi wache, John Gunther, analibwereka ku ndakatulo ya John Donne, mlaliki wa ku London wa m'zaka za m'ma 1600. Gunther anali mtolankhani womveka, woyenda maiko ambiri ndi kulemba za olamulira ao, monga anachita m'buku la Inside Europe la 1936; koma m'buku ili analeka za maiko, nalemba za miyezi 15 imene iye ndi Frances, mai wa mwana, anadwazika mwana wao Johnny, amene anamwalira ndi khansa ya mu ubongo ali wa zaka 17. Tiyesa kuti bukuli liyenera kulingiriridwa m'masamba ano, pakuti funso liri m'kati mwache ndi la mudzi uli wonse: banja limene mwana wache wagwidwa ndi nthenda yotere lithangatidwe bwanji?

Nkhani yache ndi iyi. Johnny anali mnyamata wanzeru, wokonda masamu ndi maphunziro a kusakaniza mankhwala, ndipo anali pa sukulu yogonera ya Deerfield, m'chigawo cha Massachusetts. Nthenda inayamba ndi kuuma khosi, chinthu chimene kholo liri lonse likanachiyesa chaching'ono. Kumapeto kwa Epulo 1946 dotolo Tracy Putnam anatsegula chigaza chache m'chipatala cha ku New York, napeza chotupa chachikulu ngati lalanje, nakhoza kuchotsa theka lokha. Pambuyo pache kunadziwika kuti chotupacho chinali cha mtundu woopsa wochedwa glioblastoma. Anayesa kuchitentha ndi X-ray. Anayesa kumbaya mankhwala ochokera ku mustard gas, poizoni amene anapha asilikari pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, amene m'masiku amenewo madotolo anali atangoyamba kuyesa pa odwala khansa. Anayesanso zakudya za dotolo Max Gerson. Pa 1 Meyi 1947 anamchita opaleshoni yaikulu yachiwiri. Kumapeto kwa Meyi mnyamatayo anabwerera ku Deerfield, ndipo mwezi wa Juni, mutu uli wokulungidwa nsalu, anayenda yekha pang'ono pang'ono kukalandira kalata ya kutsiriza sukulu. Ndipo pa 30 Juni 1947 anatsikira kuli chete.

Choyamba chimene titama m'bukuli ndi kudziletsa kwa mlembi. Munthu wolira mwana wache angathe kulira mofuula kotero kuti omvera aiwala wakufayo nayang'ana wolirayo. Gunther sanatero. Alemba masiku, maina a mankhwala, mau a madotolo, kukula ndi kuchepa kwa chotupa, monga alembera munthu wa nchito ya nyuzipepala. Ndipo chisoni chache chimveka kolimba chifukwa sachitchula kawiri kawiri. Kalembedwe kotere kali ndi phindu lina: wowerenga aona ndi maso kuti kudwazika matenda ndi nchito ya tsiku ndi tsiku, ya kudikira pa khomo la dotolo, kukonza chakudya, kugona tulo ta theka, ndi kuuka m'mawa ndi nkhope yosekera.

Chachiwiri ndi ichi, kuti makolo awa anali atalekana ukwati nthendayi isanafike, koma pa mphasa ya mwana anakhala amodzi. Analandizana kuchezera, napangana pa chiri chonse, ndipo m'buku lonse atateyo anena za maiyo mwaulemu. Ife tidziwa kuti matenda aakulu a mwana agwedeza nyumba. Akuchimuna aloza chala akuchikazi, akuchikazi nawonso aloza akuchimuna, ndipo pamene akulu afunsana kuti nthendayi yachokera kwa yani, mwana agona yekha. Awa anasiya milandu yao kunja kwa chitseko. Phunziro limeneli lokha likwanira kulipira mtengo wa bukuli.

Chachitatu, sanalole kuti mwana wao asanduke nthenda. Johnny anafuna kutsiriza maphunziro ndi kulowa sukulu yaikulu ya Harvard, ndipo makolo anamfunira aphunzitsi, namlola kuwerenga ndi kulemba mayeso angakhale maso ndi dzanja lamanzere zinali kufooka. Analembera kalata Albert Einstein za maganizo ache a sayansi, nayankhidwa. Wina anganene kuti kunali kutaya mphamvu za wodwala pa zinthu zimene sadzazidya. Koma tiyesa kuti makolowo anaona bwino. Mwana wodwala akali mwana: afuna anzache, masewera, buku, ndi kanchito kamene angakatche kache. Kumlanda izi ndiko kumuika m'manda mpweya ukali m'mphuno.

Tsono tinene za zimene sitibvomerezana nazo. Makolo ndi madotolo anapangana kuti asamuuze Johnny kuti nthenda yache njosachiritsika. Anadziwa kuti ali ndi chotupa, koma chiweruzo cha madotolo anambisira kufikira tsiku lomaliza. Ndipo mlembi aonetsa kubisa kumeneku monga nchito ya chikondi. Kuti chinali chikondi sitikana, ndipo unali mwambo wa zipatala wa masiku amenewo. Koma bukulo lokha lichitira umboni kuti mnyamatayo anazindikira zambiri, nabisa mantha ache kuti asalemetse makolo. Chotero m'nyumba imodzi munali anthu atatu, yense alikusenza mtolo womwewo mobisira mnzache. M'chaka cha 1978 Myra Bluebond-Langner, amene anakhala nthawi yaitali pakati pa ana odwala khansa ya m'magazi m'chipatala china cha ku Amereka, anasonyeza m'buku lache kuti ana otere amadziwa za imfa yao angakhale sauzidwa, ndi kuti amanamizira kusadziwa chifukwa cha kumvera chifundo akulu. Lero odziwa za matenda a ana alangiza kuti mwana ayankhidwe zoona, ndi mau oyenera msinkhu wache, pa nthawi imene afunsa, osamkakamiza kumva zimene sanafune. Mwana amene sakhoza kunena za mantha ache kwa amache adzanena kwa yani?

Pali mau ena pa za Gerson. Kuyambira Seputembala 1946 Johnny anakhala pa zakudya zopanda mchere ndi mafuta, za ndiwo zamasamba ndi madzi a zipatso, ndipo kwa kanthawi anaoneka wopezako bwino. Gunther anena moona mtima kuti sanathe kudziwa chimene chinathandiza, kaya zakudyazo, kaya X-ray, kaya mankhwala aja. Ndipo chotupa chinabweranso. Koma alemba za dotoloyo mofatsa kotero kuti wowerenga wothedwa nzeru angatseke buku ali ndi chiyembekezo chonyenga. Zaka zonse zapitazi sipanapezeke umboni wakuti zakudya za Gerson zichiza khansa. Makolo awa sitiwatsutsa. Womira m'madzi agwira ndi udzu womwe. Koma tiona pano kuti angakhale anthu ophunzira, okhala pakati pa madotolo omveka, atsata mphekesera iri yonse mwana akadwala. Nanga mai wa kumudzi, amene mnansi amuuza za sing'anga wakuti kapena mneneri wakuti, tidzamdzudzula bwanji? Chofunika kwa iye ndi bwenzi loyenda naye ku chipatala, lomufunsira mafunso amene iye achita nao manyazi, ndi kumkumbutsa kuti asadule mankhwala pakati.

Chilema chachikulu cha bukuli ndi chakuti ndi nkhani ya banja lopata. Dzina la Gunther linatsegula zitseko zimene kwa ena nzotseka. Anakhoza kuitana Wilder Penfield, dotolo wamkulu wa ubongo wa ku Montreal, ndi ena ambiri. Ndalama zinambvuta ndithu, pakuti miyezi yomweyo anali kulemba usiku buku la Inside U.S.A., limene linatuluka mu 1947. Koma funso lakuti tidya chiani mawa, kapena ndalama ya basi ichokera kuti, mulibe m'masamba awa. Johnny analibenso abale omsowa amache kunyumba, kapena munda wodikira khasu. Potero wowerenga aphunzira zambiri za mtima wa kholo, koma zochepa za zimene anansi angachite. Tionjezenso kuti atate, pokonda mwana, amjambula wopanda banga, wodekha ndi waulemu masiku onse. Kholo limene mwana wache alira, akana mankhwala ndi kutukwana lisadziyese lolephera. Ululu ukwiyitsa ndi akulu omwe.

Mbali yachiwiri ya buku iri ndi makalata a Johnny, zolemba zache za tsiku ndi tsiku, ndi mau ochepa a Frances. Ife tiyesa masamba a maiwa olemera koposa onse, ndipo tidandaula kuti anapatsidwa malo ochepa kumapeto. Atate asimba zimene zinachitika. Mai anena zimene zitsala m'nyumba maliro atatha, za masiku amene sangabwererenso, nadandaulira makolo amene ana ao ali moyo kuti awakonde tsopano. Ndiye amene anakamba ndi mwanayo za moyo, za imfa ndi za Mulungu. Mnyamatayo analemba pemphero lalifupi la munthu wokayika, lopepesa kwa Mulungu chifukwa cha kukayikako ndi kuyamika moyo. Mkristu wowerenga adzasowa m'bukuli chiyembekezo cha kuuka kwa akufa. Koma asafulumire kuweruza, pakuti mwana wopemphera ali m'kati mwa kukayika sali kutali ndi khomo. Abusa ndi akulu a mpingo ocheza kwa odwala aphunzirepo kumvetsera asanalalike. Abwenzi a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anakhala naye chete. Anayamba kulakwa pamene anatsegula pakamwa kufuna tchimo limene linadzetsa tsokalo.

Chenjezo limodzi tiyenera kulinena momveka: wowerenga asatuluke m'bukuli ndi ganizo lakuti khansa ya mwana ndi imfa. Glioblastoma ikali yobvuta kuchiza kufikira lero, koma si khansa zonse ziri zotero. Miyezi yowerengeka Johnny atamwalira, Sidney Farber wa ku Boston anayamba kupatsa ana odwala khansa ya m'magazi mankhwala ochedwa aminopterin, ndipo mu 1948 analengeza kuti mwa ana 16, ana 10 anapezako bwino kwa kanthawi. Kumeneko kunali kutsegula njira. Lero bungwe la za umoyo la dziko lonse, WHO, liwerenga kuti ana ndi achinyamata pafupifupi 400,000 amapezeka ndi khansa chaka chiri chonse. M'maiko olemera oposa 80 mwa 100 amachira, koma m'maiko ambiri osauka ochira safika 30 mwa 100. Mu 2018 bungwelo linaika cholinga chakuti pofika 2030 ana 60 mwa 100 azichira pa dziko lonse. Kuno kwathu khansa yotupitsa nsagwada kapena mimba, imene Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958, imamva mankhwala msanga. Ya impso ndi ya m'diso zichizikanso zikapezeka msanga. Ndipo ana otere alandira chithandizo ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Zimene zilanda ana ambiri ndi kuchedwa kufika ku chipatala ndi kuleka mankhwala asanathe.

Apa ndi pamene anansi ndi mpingo angadzaze malo amene bukuli lasiya. Chithandizo cha khansa chitenga miyezi, ndipo wodwazika akhala masabata ku chipatala kutali ndi kwao. Wina ampalire m'munda. Wina atenge ana otsala, awaphikire ndi kuona kuti apita ku sukulu. A chigwirizano cha amai asonkhe ufa, sopo ndi ndalama ya ulendo wobwerera ku chipatala pa tsiku limene dotolo analemba. Mphunzitsi atumize mabuku ndi moni wa anzache a m'kalasi. Ndipo wina alandire wodwazikayo masiku awiri kuti akapume. Anansi adziwenso kuti khansa sipatsirana, kuti pasakhale woletsa ana ache kusewera ndi mwana wothothoka tsitsi. Alendo achuluka sabata loyamba. Banja lisowa anthu mwezi wachinai, pamene nkhokwe yatsika ndipo nkhani yazirala. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

Chiweruzo chathu tsono ndi ichi. Ndi buku loona mtima, lolembedwa mwaluso ndi mwaulemu, loyenera kuwerengedwa ndi aphunzitsi, anamwino, abusa ndi makolo onse odziwa Chingerezi, ndipo iwo afotokozereko ena. Potsanza makolo awa titsanze umodzi wao ndi ulemu umene anapatsa moyo wa mwana wao kufikira chimaliziro. Kubisa kwao tikusiye m'zaka zao, ndi zakudya za Gerson pamodzi. Ndipo chimene iwo sanachisowe, ndicho chakudya ndi njira yofikira kwa dotolo, tiyesetse kuti banja la mnzathu lisachisowe pamene ife tiri pafupi, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.