Chithunzi cha Boma, Mawu a Womasulira: Chinenero m'Makanema Aafupi a ku Midlands

Kanema wamfupi sakhala ndi msika wakewake. Anthu salipira pakhomo kuti aonere nthano ya mphindi khumi, ndipo chifukwa cha ichi wopanga kanema wotere amadalira mwini ndalama: boma, mpingo, bungwe lothandiza kapena chikondwerero cha makanema. Mfundo yathu m'nkhani ino ndi yakuti mwini ndalamayo ndiye amasankha chinenero, ndi kuti olankhula Chichewa a m'matauni a migodi ya ku Midlands, monga a ku Makwasha mu Zvishavane, akhala akupatsidwa malo otsiriza pa kusankhako.

Tiyambe ndi mbiri. Pakati pa 1935 ndi 1937, L. A. Notcutt ndi G. C. Latham anayendetsa ntchito ya Bantu Educational Kinema Experiment ndi ndalama za Carnegie Corporation. Iwo anajambula makanema aafupi 35 ku Tanganyika nayendayenda nawo mpaka ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland. Zithunzi zinali zopanda mawu. Mawuwo ankajambulidwa padera pa mbale za galamafoni, kotero kuti chinenero chinkasinthidwa monga malaya, chithunzi chili chomwecho.

Njira imeneyi inakhwima m'manja mwa Central African Film Unit, bungwe limene linagwira ntchito ku Salisbury kuyambira 1948 kufikira 1963, motsogozedwa poyamba ndi Alan Izod, ndipo Stephen Peet anali mmodzi wa ojambula ake. Makanema monga The Two Farmers ndi Mulenga Goes to Town anali ndi kalukidwe kodziwikiratu: wakhama apindula, waulesi kapena wotengeka ndi za m'tauni alira. Magalimoto a boma ankawatengera kumidzi, ndipo womasulira ankaima pambali pa nsalu nafotokoza zochitika m'chinenero cha oonera. James Burns, m'buku lake la 2002 lotchedwa Flickering Shadows, anasonyeza kuti oonerawo sankangomeza uthenga wa boma, koma ankautsutsa ndi kuupotoza.

Pano ndi pamene ife a zinenero tiyenera kudekha. Womasulirayo ndiye anali mlembi weniweni wa mawu a kanema. Iye ankasankha ngati mlangizi wa zaulimi aziti "iwe" kapena "inu" kwa mlimi, ngati kugwa kwa munthu kunenedwe chabe kapena kumveke kuti "khu!", ndiponso ngati nthano ithe ndi lamulo kapena ndi mwambi. Zithunzi zinasungidwa m'nkhokwe za boma, koma mawu ake anapita ndi mphepo ya usiku womwewo. Choncho amene aweruza makanema amenewa poyang'ana zithunzi zokha aweruza theka la ntchito.

M'komboni ya pamgodi vutoli linali lalikulu koposa. Mgodi wa asibesitosi wa Shabanie, monga migodi ina ya ku Southern Rhodesia, unakoka antchito ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Ambiri anasanduka machona, nasiyira ana awo Chichewa ndi gule wamkulu pakati pa anansi olankhula Chikaranga ndi Chindebele. Pantchito ankalamulidwa m'Chilapalapa, chinenero chokwanira kutuma munthu koma chosakwanira kusimba nthano. Womasulira mmodzi sakanatha kukhutiritsa khamu lotere, ndipo njira yonse ya chithunzi chimodzi ndi chinenero chimodzi inapangidwira mudzi wa mtundu umodzi, osati tauni ya pamgodi.

Ufulu wa 1980 unasintha mwini ndalama, koma sunasinthe kayendedwe ka ntchito. M'malo mwa boma la atsamunda munalowa mabungwe othandiza ndi zikondwerero, monga Zimbabwe International Film Festival chimene chinayamba mu 1998 nichikhazikitsa ntchito yophunzitsa achinyamata kupanga makanema aafupi. Sitikana kuti zipatso zinaoneka. Kare Kare Zvako wa Tsitsi Dangarembga, wozikidwa pa nthano ya Chishona, anasonyeza kuti kanema wamfupi angathe kuganiza m'chinenero cha makolo kuyambira pachiyambi. Komabe woweruza wa pa chikondwerero cha kunja amawerenga mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi mwa chithunzi, ndipo m'mawu amenewo "lowa" ndi "lowani" asanduka liwu limodzi. Ulemu, chipongwe ndi ubale, zimene Chichewa chimanyamula m'kachidutswa kamodzi ka mneni, zitayika. Wolemba amene adziwa kuti adzaweruzidwa motero amayamba kulemba zokambirana zosavuta kumasulira, ndipo chinenero chimaonda asanajambule n'komwe.

Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. Koma lamulo silijambula kanema. Pempho lathu kwa anzathu a m'bungwe lino lili pawiri. Choyamba, tifunefune okalamba amene anaonera makanema aja, tilembe zimene akumbukira za kalankhulidwe ka omasulira, nthawi isanatithere. Chachiwiri, pamene tipemphedwa kulangiza opereka ndalama, tiumirire kuti zokambirana za m'kanema zilembedwe poyamba m'Chichewa cha ku Makwasha chenicheni, chosakanizika ndi Chikaranga monga chilili, ndipo Chingerezi chibwere pambuyo ngati mlendo.